Galimoto zakale: boma lingasiyanitse bwanji chiphapha ndi chuma cha mbiri?

Pa 26 August 2025 nthambi ya boma la Britain yolembetsa galimoto, ya DVLA, idayamba kugwiritsa ntchito ndondomeko zatsopano zokhudza galimoto zakale zomwe zakonzedwa kapena kumangidwanso. Malinga ndi ndondomekozi, munthu amene wachotsa chitsulo chodyeka ndi dzimbiri pagalimoto yake n'kuikapo china chofanana nacho sakuyeneranso kukadziwitsa boma. Galimoto yomwe yasinthidwa kwambiri, ngakhale yochotsedwa injini ya petulo n'kuikidwa ya magetsi, ikhoza kusunga nambala yake yoyamba bola mwini wake anene zomwe wachita.

Nkhaniyi ikuoneka yaing'ono, koma eni galimoto zakale m'dzikolo adakhala akuidandaula kwa zaka zambiri. Kale munthu akakonza galimoto yake mopyola muyeso womwe nthambiyi idaika, ankatha kulandidwa nambala yoyamba n'kupatsidwa ina yoyamba ndi chilembo cha Q, chomwe chimasonyeza kuti boma likukayika za zaka kapena chiyambi cha galimotoyo. Galimoto ikalandira chilembo chimenechi mtengo wake umatsika, ngakhale ikuyenda bwino kuposa kale.

Pansi pa mkanganowu pali funso lomwe boma lililonse losunga kaundula wa galimoto limakumana nalo. Kodi n'chiyani chimachititsa galimoto yakale kukhalabe galimoto yomweyo itasinthidwa injini, zitseko ndi penti? Nanga ndani ali ndi mphamvu zonena kuti iyi ndi chuma chofunika kusunga, pamene iyo ndi chiphapha chongoyenera kukasungunula? Anthu okonda galimoto zakale ali ndi njira zawo zoyankhira funsoli, ndipo pamapeto pake njira zonsezo zimatsamira pamapepala omwe amasungidwa m'maofesi.

Ndalama zomwe zikuyenda pamalondawa ndi zomwe zachititsa kuti maboma asiye kuiona nkhaniyi ngati masewera a anthu olemera. M'mwezi wa May 2022 kampani ya Mercedes-Benz idagulitsa galimoto yake ya 300 SLR Uhlenhaut Coupé ya m'chaka cha 1955 pamtengo wa mayuro 135 miliyoni. Galimoto za mtunduwu zidapangidwa ziwiri zokha. Kampani ya Ferrari idapanga galimoto 36 za mtundu wa 250 GTO pakati pa 1962 ndi 1964, ndipo imodzi mwa izo idagulidwa ndi madola oposa 48 miliyoni paokushoni ya ku Monterey, m'dziko la America, m'chaka cha 2018.

Chodabwitsa kwambiri chidachitika ku France. M'chaka cha 2014 akatswiri adapeza galimoto pafupifupi 60 zomwe Roger Baillon, mkulu wina wa kampani yonyamula katundu, adasonkhanitsa n'kuzisiya m'mashedi a malata kwa zaka makumi angapo. Zambiri zidali zitachita dzimbiri, zina zitamera zomera. Munthu wodutsa panjira akadati ndi mulu wa zitsulo zakutha. Koma pakati pake padali Ferrari 250 GT California Spider yomwe idali itakwiririka ndi milu ya magazini akale, ndipo itagulitsidwa mumzinda wa Paris mu February 2015 idapeza mayuro oposa 16 miliyoni.

Mmene akatswiri amazindikirira

Wokonda galimoto zakale amayamba ndi maso. Amaona kapangidwe ka magetsi akutsogolo, kapindikidwe ka galasi, malo omwe pali mahinji a zitseko ndi chotsekera thanki ya mafuta. Amene amadziwa za Land Rover angakuuzeni msanga kuti yomwe ili ndi magetsi mkati, pafupi ndi redieta, ndi yakale kuposa yomwe magetsi ake ali kunja pamapiko, chifukwa kampaniyo idasuntha magetsiwo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Wodziwa Volkswagen Beetle amayang'ana galasi lakumbuyo: logawika pawiri ndi lakale kwambiri, lozungulira ngati dzira lidayamba mu 1953, ndipo lalikulu lidabwera pambuyo pake.

Koma maso amanamizika. Magetsi, zitseko ndi zizindikiro za kampani zimagulidwa n'kumangidwa pagalimoto ina iliyonse. N'chifukwa chake katswiri weniweni amagwada pansi n'kuyang'ana manambala omwe adadindidwa pachasesi, painjini ndi pagiyabokosi. Kuyambira m'chaka cha 1981 galimoto zambiri zimakhala ndi nambala ya VIN ya zilembo ndi manambala 17. M'nambalayi simupezeka zilembo I, O ndi Q, poopa kuzisokoneza ndi 1 komanso 0. Chilembo choyamba chimanena dera lomwe galimoto idachokera: J ndi Japan, W ndi Germany, pamene zopangidwa ku South Africa zimayamba ndi A. Chaka cha 1981 chisanafike kampani iliyonse inkalemba manambala mwa njira yake, ndipo apa ndi pomwe pamafunika mabuku a kufakitale.

Mabuku amenewa alipo. Nyumba yosungira galimoto zakale ya British Motor Museum ku Gaydon imasunga mabuku a mafakitale monga Austin, Morris, MG, Triumph ndi Land Rover, ndipo munthu akatumiza nambala ya chasesi amalandira chikalata chonena tsiku lomwe galimoto idapangidwa, penti yomwe idatuluka nayo komanso komwe idatumizidwa. Kampani ya Ferrari idatsegula nthambi yake yotsimikizira galimoto zakale mu 2006. Galimoto yomwe manambala a injini ndi chasesi akugwirizana ndi zolembedwa m'mabukuwa imagulidwa pamtengo wokwera kwambiri kuposa inzake yooneka chimodzimodzi koma yokhala ndi injini yobwereka.

Gawo lachitatu, lomwe ndi lovuta kuposa onse, ndi mbiri ya umwini. Ndani adaigula koyamba, adaigulitsa kwa yani, idakonzedwa kuti, idachita ngozi liti. Apa malisiti a kugalaja, zithunzi zakale ndi mabuku olembetsera galimoto kuboma zimakhala umboni wamphamvu kuposa chitsulo chenichenicho.

Mfundoyi idatsimikizika kubwalo lalikulu la milandu ku London m'chaka cha 1990, pamlandu wa galimoto ya Bentley yotchuka ndi dzina loti Old Number One. Galimotoyi idapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans mu 1929 ndi 1930. Pambuyo pake idasinthidwa kangapo, ndipo mu 1932 idachita ngozi yoopsa pabwalo la Brooklands, pomwe dalaivala Clive Dunfee adafera. Idamangidwanso. Patapita zaka pafupifupi 60, kampani ya Middlebridge idagwirizana zoigula pamtengo wa mapaundi 10 miliyoni, koma kenaka idakana kulipira ponena kuti zitsulo zomwe zidapambana ku Le Mans zidatsala zochepa kwambiri pagalimotoyo. Woweruza milandu Otton adavomereza kuti galimotoyo sidalinso ndi ziwalo zake zonse zoyambirira, koma adagamula mokomera wogulitsa. Mfundo yake idali yakuti galimoto za mpikisano zimasinthidwa nthawi ndi nthawi, ndipo mbiri ya galimoto imeneyi idali yosaduka kuchokera pomwe idapangidwa, komanso padalibe galimoto ina yomwe ikadatenga dzinalo. Mwachidule, chomwe kampaniyo inkagula chidali mbiri yotsimikizika, osati zitsulo zokha.

Malire a zaka

Maboma sangapite kukhoti pagalimoto iliyonse, choncho ambiri adasankha njira yapafupi yoika malire a zaka. Bungwe la padziko lonse la eni galimoto zakale, la FIVA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1966, limati galimoto ya mbiri ndi yomwe yakwanitsa zaka 30, yasungidwa monga idapangidwira, ndipo siigwiritsidwa ntchito paulendo wa tsiku ndi tsiku. Mu 2013 bungweli lidayamba kutsata chikalata cha Turin Charter, chomwe chimalimbikitsa kusunga galimoto ndi zipsera za ukalamba wake m'malo moikonza mpaka kuwala kuposa tsiku lomwe idatuluka m'fakitale.

Dziko la Germany lidatsata zaka 30 zomwezi. Kuyambira mu 1997 galimoto yotere imapatsidwa nambala yothera ndi chilembo cha H, imalipira msonkho umodzi wa pachaka wa mayuro pafupifupi 192, ndipo imaloledwa kulowa m'madera a m'mizinda momwe galimoto zotulutsa utsi wambiri zimaletsedwa. Koma chilembochi sichiperekedwa kamba ka zaka zokha. Katswiri wovomerezeka amayenera kuiyendera kaye n'kutsimikiza kuti yasamalidwa bwino ndipo sidasinthidwe mosagwirizana ndi nthawi yake.

Ku Britain malire ndi zaka 40. Galimoto ikafika pamenepo mwini wake angathe kuilembetsa kuti asamalipire msonkho wa pamsewu, ndipo kuyambira mu May 2018 siikakamizidwanso kupita kokayezedwa chaka ndi chaka ngati sidasinthidwe kwambiri. Dziko la India lidaika malire a zaka 50 m'malamulo omwe lidatulutsa mu 2021, lidapereka nambala yapadera yokhala ndi zilembo VA, ndipo lidaletsa kugwiritsa ntchito galimotozi pamalonda kapena paulendo wa masiku onse.

Lamulo lomwe lasintha msika wa padziko lonse kuposa onsewa ndi la dziko la America la m'chaka cha 1988. Lamuloli limalola munthu kulowetsa m'dzikolo galimoto yomwe siikwaniritsa miyeso ya chitetezo ya kumeneko pokhapokha itakwanitsa zaka 25. Zotsatira zake n'zakuti chaka chilichonse pamakhala mitundu ya galimoto yomwe mtengo wake umakwera mwadzidzidzi. Nissan Skyline GT-R ya mu 1989 idayamba kuloledwa mu 2014, ya mu 1999 idaloledwa mu 2024, ndipo ogula a ku America adakhamukira kumisika ya ku Japan zaka zimenezi zisanakwane n'komwe. Pomwe pali phindu lotere achinyengo salephera kufika. Anthu ena ankatenga Land Rover Defender yatsopano n'kuimata nambala ya galimoto yakale kuti ioneke ngati yakwanitsa zaka 25. Mu 2013 akuluakulu a kasitomu kudoko la Baltimore adaphwanya imodzi mwa galimoto zoterezi poyera ngati chenjezo.

Mbali ina ya nkhaniyi

Pali chifukwa chomveka chomwe maiko ambiri amaonera galimoto yokalamba ngati vuto. Lipoti la nthambi ya United Nations yoona zachilengedwe, ya UNEP, lomwe lidatuluka mu October 2020, lidapeza kuti pakati pa 2015 ndi 2018 maiko a ku Ulaya, America ndi Japan adatumiza kunja galimoto zazing'ono zogwiritsidwapo kale ntchito zokwana 14 miliyoni, ndipo gawo lalikulu lidabwera ku Africa. Zambiri mwa izo zidali zakutha, zotulutsa utsi woipa komanso zoopsa pamsewu. Dziko la Kenya limakana galimoto zopyola zaka 8, South Africa siilola kulowetsa galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito kupatula pazifukwa zochepa zofuna chilolezo, ndipo kuno kwathu msonkho wolowetsera galimoto umakwera malinga ndi zaka zake. Mu 2023 bungwe la European Union nalo lidapereka maganizo oletsa kutumiza kunja galimoto zosayenera kuyenda pamsewu, koma lidapatula galimoto za mbiri.

Malamulo amenewa ndi oyenera, ndipo palibe amene angatsutse kuti minibasi ya zaka 25 yofuka utsi pamsewu wodzaza anthu si chuma cha fuko. Vuto ndi lakuti lamulo loyang'ana zaka zokha limalakwitsa mbali zonse ziwiri. Likakhala lolanga ukalamba, limakankhira kwa ogula zitsulo galimoto yomwe yatsala imodzi yokha. Likakhala lokomera ukalamba, limatsegula khomo kwa aliyense wofuna kuzemba msonkho ndi galimoto yotopa. Ku Germany komweko anthu ena akhala akufunsa ngati n'koyenera kuti galimoto za m'zaka za m'ma 1990, zomwe zidapangidwa mamiliyoni ndipo sizichita dzimbiri msanga, zizilandira chilembo cha H. Ndipo mwayi womwe a ku Britain adapereka wosayezetsa galimoto ungakhale wovuta kuuteteza m'dziko lomwe misewu yake ili ndi maenje ndipo sipeya weniweni ndi wosowa.

Chomwe chikuoneka kuti chimagwira ntchito ndi kuphatikiza zinthu zitatu: zaka, kuyendera galimoto ndi maso a katswiri, komanso kuchepetsa ntchito zomwe ingagwire. Koma zonsezi zimafuna kaundula wodalirika, wofika kumbuyo zaka makumi angapo.

Si za ku Ulaya zokha

Kungakhale kulakwitsa kuganiza kuti galimoto zosowa zimapezeka ku Paris ndi Monterey kokha. Chigawo chino cha Africa chili ndi zake zomwe sizidapangidwe kwina kulikonse. Fakitale ya BMW ya ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, idapanga galimoto zongopitirira pang'ono 200 za mtundu wa 333i pakati pa zaka za m'ma 1980, poika injini yaikulu ya 733i m'thupi la galimoto yaing'ono. Injiniyo idadzaza malo kotero kuti wogula ankayenera kusankha chimodzi: makina oziziritsa mpweya kapena makina opeputsa chiwongolero. Kampani ya Ford m'dziko lomwelo idapanga Sierra XR8 zokwana pafupifupi 250 pofuna kukwaniritsa malamulo a mpikisano. Kwa munthu wosadziwa, zonse ziwirizi zimangooneka ngati BMW ndi Sierra wamba zomwe zidadzaza m'misewu ya chigawo chino zaka 30 zapitazo. Kusiyana kuli panambala ya chasesi.

Palinso galimoto zomwe sizidali zosowa konse koma zasowa chifukwa palibe adaganiza zozisunga. Peugeot 404 idaleka kupangidwa ku France m'zaka za m'ma 1970, koma ku Kenya adapitiriza kuimanga mpaka 1991, ndipo 504 idapitirira ku Kenya ndi Nigeria mpaka zaka za m'ma 2000. Izi ndi galimoto zomwe zidanyamula fodya, chimanga, odwala ndi akwati m'misewu yafumbi ya Africa mpaka kutheratu. Galimoto ya munthu wolemera imagona m'galaja, pamene ya ntchito imayenda kufikira itasanduka khola la nkhuku kuseri kwa nyumba. N'chifukwa chake lero n'kovuta kupeza bokosibode ya 404 yomwe ili bwino.

Makampani opanga galimoto adaona kale komwe msika ukulowera. Mu 2016 kampani ya Jaguar Land Rover idayamba kufunafuna Land Rover zoyambirira, zomwe zidayamba kupangidwa mu 1948, n'kumazikonza kufakitale kuti izigulitsenso. Mu 2021 Toyota idalengeza kuti iyambiranso kupanga masipeya ena a Land Cruiser 40, yomwe idapangidwa kuyambira 1960 mpaka 1984. Mitundu iwiriyi ndi yomwe idagwira ntchito m'mamishoni, m'maesiteti, m'nkhalango ndi m'maofesi a boma a m'maboma ambiri a chigawo chino. Amene akuzifuna kunja amadziwa mtengo wake. Kawirikawiri amene ali nazo pakhomo sadziwa, ndipo wogula zitsulo amawerengera pasikelo.

Pamene boma lidalowererapo

Dziko la France lidasonyeza kuti boma likhoza kuteteza galimoto monga limatetezera nyumba zakale. Mumzinda wa Mulhouse, abale awiri eni mafakitale a nsalu, Hans ndi Fritz Schlumpf, adasonkhanitsa mwachinsinsi galimoto mazanamazana, kuphatikizapo za mtundu wa Bugatti zoposa 100. Mafakitale awo atagwa, ogwira ntchito omwe adachotsedwa adalowa m'nyumba yosungiramo galimotozo mu March 1977 n'kuitsegulira anthu. Padali chiopsezo chakuti galimotozo zigulitsidwa imodziimodzi kuti zibweze ngongole. Mu 1978 boma lidazilemba m'kaundula wa zinthu za mbiri ya dziko, zomwe zidaletsa kuzitulutsa kunja, ndipo mu 1982 malowa adatsegulidwa ngati nyumba ya fuko yosungira galimoto. Lero ndi amodzi mwa malo omwe amakopa alendo kumzindawo.

Chitsanzochi chili ndi malire ake. Ndi maiko ochepa omwe angapeze ndalama zosamalira galimoto mazana, ndipo pomwe zipatala zikusowa mafuta a ambulansi palibe mlembi wa unduna amene angapemphe ndalama zogulira galimoto zakale. Koma phunziro la ku Mulhouse silidali pa kugula. Chomwe chidapulumutsa galimotozo poyamba chidali kuzilemba.

Apa ndi pomwe nkhaniyi ikukhudza ogwira ntchito m'boma kuno kwathu. Boma ndi mmodzi mwa eni galimoto akuluakulu m'dziko muno, ndipo nthawi ndi nthawi limagulitsa zomwe zatha ntchito potsata malamulo ogulitsira katundu wa boma. Pamakalata oyesa mtengo, ofisala amayang'ana ngati galimoto ingakonzeke ndi ndalama zomwe ingapeze paokushoni. Funso lakuti galimotoyo idanyamula yani, idagwira ntchito yanji, kapena zatsala zingati za mtundu wake, nthawi zambiri silikhala ndi malo pafomu. Ambiri mwa ma MG oimikidwa pamiyala kuseri kwa maofesi ndi ziphapha zenizeni ndipo agulitsidwe. Koma pakati pa zana pakhoza kukhala imodzi yomwe idali ambulansi yoyamba ya chipatala cha boma lina, kapena yomwe idanyamula mtsogoleri wa dziko patsiku lalikulu. Alendo amene amapita kunyumba yosungira zinthu zakale ya ku Chichiri mumzinda wa Blantyre amaona pabwalo pake injini ya sitima yapamtunda ndi makina ena akale a zamtengatenga. Zinthuzo zilipo chifukwa wina adakana kuzipereka kwa osungunula zitsulo.

Ntchito yomwe ikufunika siidya ndalama zambiri. Galimoto ya boma yopyola zaka 30 isanagulitsidwe, nthambi yoona za zinthu zakale ikhoza kudziwitsidwa kuti ione ngati ili ndi mbiri. Buku la maulendo ndi fayilo ya galimoto zikhoza kusungidwa kapena kupita ndi galimotoyo kwa wogula, m'malo motenthedwa pokonza m'stolo. Ndipo pamene kaundula wa galimoto adasamutsidwira pakompyuta, makadi ndi mabuku akale olembetsera ndi ofunika kuwatumiza kunyumba yosungira zolembedwa za boma ku Zomba, chifukwa ndi okhawo omwe angatsimikize kuti galimoto yakutiyakuti idalowa m'dziko muno chaka chakuti ndipo idadutsa m'manja mwa anthu awa. Mabuku omwewo ndi omwe angathandize a kasitomu ndi apolisi kugwira munthu amene wamata nambala yakale pagalimoto ina, monga zidachitikira ndi Defender ya ku Baltimore.